Chigumula cha pa Ngolo

Za Chingerezi cha makedzana ndinazimva koyamba m'sitafu rumu ya sekondale yathu yoyendera kuno ku Phalombe, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira malovu amawawa. Anabwera nazo ndi bambo wina amene boma linatitumizira kuti adzatsogolere aphunzitsi a zilankhulo. Anali wa kuchigawo chapakati uko, wa digiri yake, wovala jekete ngakhale mu Okutobala pamene dzuwa la m'chigwa muno limaswa mtengo. Tinawatcha Apulofesa. Ife tinkanyoza, koma iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri, mpaka kumadzitchula nalo poyankha foni.

Ine ndimaphunzitsa zaulimi, ndipo pa nthawi ya buleki ndimafuna tiyi wanga ndi chinangwa chophika basi, osati phunziro lina. Koma Apulofesa akangokhala pansi, kapu isanafike n'kukamwa komwe, ankayamba. Ankati ku Mangalande kunali nyengo ina yotchedwa zaka zapakati. Pakati pa chiyani ndi chiyani, ankadziwa okha. M'nyengoyo, akuti, dzikolo linalandidwa ndi mafumu olankhula Chifalansa. Milandu inkazengedwa m'Chifalansa, mapemphero ankachitika m'Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala cha olima m'minda ya eni ake, oweta nkhumba ndi azimayi a kukhitchini. Amonke a tchalitchi ankakopera mabuku ndi manja pa zikopa za ana ang'ombe. Patapita mibadwo ingapo Chingerezicho chinadzukanso, chitameza mawu ambirimbiri a adani ake, n'kuyamba kulembedwa m'ndakatulo ndi m'masewero. Akafika pamenepa ankatsegula chibuku chakuda n'kutiwerengera Chingerezi cha nthawi imeneyo mokweza, maso ali chotsinzina. Chinkamveka ngati munthu amene watsamwa ndi munga wa mlamba.

Ndisaname, nkhaniyo payokha sinali yoipa. Tsiku loyamba ndinatchera khutu ndithu, poti ine ndine Mlomwe, ndipo za chilankhulo chimene chimatsala kukhitchini pamene zina zikukhala pabalaza sindifunika kuchita kuuzidwa. Chimene chinandinyansa ndi chimene iwo ankaiona nkhaniyo kuti ikutanthauza.

"Madamu, mukaona muno mwaona Mangalande wa nthawi imeneyo," anandiuza tsiku lina akuloza pawindo ndi sipuni. "Anthu a makasu, zilankhulo zitatu pakamwa pamodzi, kukhulupirira kuti m'phiri muli njoka. Anzanga amalipira ndege kuti akachite risechi. Ine risechi imandidutsira pakhomo itasenza nkhuni."

Anaseka okha. Ankatiyang'ana monga mmene ine ndimayang'anira mbozi za m'chimanga ndikaziika m'botolo kuti a fomu 2 azione. Chilomwe sankadziwa ngakhale moni, msika wathu ankauopa kuti uli ndi fumbi, ndiwo ankakagula ku Mulanje pa mapeto a mwezi, koma za ife ankazidziwa zonse chifukwa anaziwerenga m'buku la anthu ena amene anafa kalekale kutsidya kwa nyanja.

Njoka ya m'phiri imene ankaisekayo ndi napolo. Kaya ndi njoka, kaya si njoka, sayansi ndinaphunzira ndipo sindilimbana ndi munthu pa zimenezo. Chimene ndikudziwa ndi chimene amachita. Ndili mtsikana wa kupulayimale, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri m'mawa wina n'kutenga bambo anga ndi mlongo wanga wamng'ono. Ine ndi amayi tinali titalawirira kuchigayo. Mitembo sitinaione. Pamene panali nyumba yathu pali miyala tsopano, ina yoposa minibasi, ndipo amayi anamanganso chapambali pake pomwepo, pa malo a amayi awo, poti kwathu kuno malo ndi a akazi ndipo mwamuna amangobwera. Amalima nandolo ndi chinangwa m'mipata ya miyalayo. Manda a amuna awo ndi a mwana wawo ndi miyala yomweyo, ena kulibe.

Amayi anga si munthu wa nthano kapena wa mawu ambiri. Ndi aafupi, aukali, amanunkhiza fodya wawo, ndipo akakana chinthu amakana kamodzi. A boma akabwera kudzauza anthu a m'mbali mwa phiri kuti asamuke, amayi ankawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kunena kuti, "Ine pano sindichoka. Pano ndi pa amayi anga." Nkhani inkathera pomwepo.

Koma namondwe amene anatikwapula zaka zapitazi anasiya mng'alu kumtunda kwa mudzi, wooneka ndi maso uli pakhonde la amayi. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinayamba kuwanyengerera kuti atsikire kunyumba kwanga kufupi ndi pa Boma, ndipo ndinkadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu akuti kusamuka sindinawatchule ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkadandaula kuti kadimba kanga kakuseri kwa nyumba kalibe wokayang'anira. Ndinkati mwana wanga wamkazi, mdzukulu wawo, wafika fomu 3 asakudziwa kuphika kalongonda, ndipo tsiku lina adzapha banja lonse pomuphula asanapse. Amayi ankangoti hm. Patapita miyezi anatumiza kambewu ka nandolo kuti ndiwasungire. Kenako unatsika mtondo wawo. Kenako nkhuku ziwiri ndi tambala. Chaka chimenecho, kukutentha, anandiuza akuyang'ana kumbali kuti mvula isanayambe adzabwera kudzayesa dzinja limodzi. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa nkhokwe kuti asandione, chifukwa akanandiona akanasintha maganizo.

Ndi m'masiku omwewo pamene ahedi analengeza kuti kudzakhala tsiku la makolo, ndipo chigawo chilichonse chikonze choonetsa. Ine ndinali ndi manyowa anga ndi mbewu za m'machubu. Apulofesa anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kutiuza kuti sukulu yathu ichita chinthu chimene sichinachitikepo m'boma lonse lino.

Anafotokoza kuti m'zaka zapakati zija, anthu wamba a ku Mangalande ankachita masewero pa ngolo. Pa tsiku la chikondwerero cha tchalitchi, gulu lililonse la amisiri linkatenga nkhani imodzi ya m'malemba. Ophika buledi yawo, osula zitsulo yawo, ndipo opala matabwa ankatenga nkhani ya chingalawa ndi chigumula poti ndiwo odziwa kukhoma. Ngoloyo inkakokedwa m'tauni, kuima apa, kusewera, kupita patsogolo, kuseweranso. Akuti ndi pa ngolo zimenezo pamene Chingerezi chonyozeka chija chinayamba kumveka pagulu popanda manyazi. Tsono iwo anasankha nkhani ya chigumula, kuti ana aisewere m'Chichewa pa ngolo ya ng'ombe, kuyambira pabwalo la sukulu kukathera pamsika.

Ndinakweza dzanja.

"Bambo, chigumula kuno si nkhani ya m'buku," ndinatero. "Makolo amene mukuwaitanawo ambiri anaika anthu awo m'manda chifukwa cha madzi. Ena sanapeze n'choika chomwe. Bwanji osasankha nkhani ina? M'malemba nkhani zilimo zambiri."

"Madamu, litirecha siopa misozi," anayankha akumwetulira ngati akulankhula ndi mwana wa kumkaka. "Komanso ndi nkhani ya m'tchalitchi, aliyense anaimva ku Sande sukulu. Imathera pa utawaleza, pali choopsa apa? Inu mungotithandiza kupeza ng'ombe zofatsa. Kumeneko ndiye kudipatimenti kwanu."

Aphunzitsi ena anaseka. Ahedi athu ndi munthu wabwino, koma digiri amaiopa kuposa njoka, ndiye anangogwedeza mutu n'kupita pa mfundo ina. Ndinadzitonthoza kuti mwina ndikukulitsa nkhani. Ana ovala ngati njovu ndi akalulu akukwera m'ngolo awiriawiri, nyimbo ya kwaya, utawaleza wa pepala, zikanapweteka yani?

Chimene Apulofesa sanatiuze pamsonkhanopo ndi chakuti m'masewero akale a Angereziwo, choseketsa chachikulu chinali mkazi wa mwini chingalawa. Ankamupanga kukhala nkhalamba yamakani imene imakana kukwera, imakangana ndi mwamuna wake, imaponya zibakera, mpaka ana ake amachita kuinyamula. M'malemba mulibe zimenezo, anaziwonjezera okha anthu a ngolowo kuti anzawo aseke. Ine zimenezi ndinazidziwa pa tsiku lomwelo, pamodzi ndi wina aliyense, chifukwa zokonzekera zinkachitikira m'kalasi yotseka zitseko, ndipo ana anawalumbiritsa kuti asaulule kanthu. Ankati luso limafa likaululika msanga.

Mbali ya mkaziyo anapatsa mwana wanga. Anabwera kunyumba akudumphadumpha kuti wasankhidwa pakati pa atsikana onse, kuti aphunzitsi anena kuti ali ndi mphatso. Ndinamufunsa kuti mkaziyo amachita chiyani, iye anati ndi chinsinsi, ndidzaona. Kenako anayamba kupempha kuti Loweruka lililonse azikwera kuphiri kwa anganga ake, amayi anga aja, mtsikana amene kale ndinkachita kumukankha kuti apiteko. Ndinakondwa. Ndinkati mwana wanga wazindikira, akundithandiza kuwakoka. Amayi nawonso anakondwa mwa njira yawo.

"Mwanayu wakula," anandiuza. "Amakhala phee kundiyang'ana, amandifunsa mawu a Chilomwe. Wandipempha chitenje changa chakale chija ndi duku, ndamupatsa."

Anali Apulofesa amene anamutuma. Anamuuza kuti wosewera weniweni amaphunzira kwa munthu wamoyo, kuti apeze nkhalamba ya m'mudzi aione mmene imayendera, mmene imakhalira pansi, mmene imapindira lilime polankhula Chichewa. Akuti Angerezi akale nawonso ankaseketsa anthu potsanzira kalankhulidwe ka a zigawo zina. Munthu wamkulu ndithu, wa digiri, kutuma mwana kuti akabe mayendedwe a agogo ake.

Tsiku la makolo amayi anatsika pa kabaza, atavala zakutchalitchi, nsapato zawo za pulasitiki atazitsuka. Anayamba afika kunyumba kwanga, anayendera kadimba, anagwira dothi n'kunena kuti ndi losauka koma lingathe kukonzedwa. Anaona nkhuku zawo n'kundikalipira kuti tambala waonda. Kukalipa kumeneko kunandikoma ngati uchi, chifukwa munthu sakalipira za pakhomo pamene sakufuna kudzakhalapo. Kusukulu anawapatsa mpando kutsogolo, poti mdzukulu wawo ndiye anali mwini sewero. Anthu a m'mudzi mwawo amene ali ndi ana pasukulupo anakhala pansi chakumbuyo kwawo. Alendo a maofesi a pa Boma anali pa mipando ya mapilo, pansi pa tenti.

Ngolo inalowa ikulira mateyala, itazingidwa ndi makatoni opaka utoto wabuluu ndi bango, ng'ombe zanga zofatsa zikukoka. Koma ana asanayambe, Apulofesa anakwera pangolopo ndi chibuku chawo chija. Analankhula m'Chingerezi nthawi yaitali za mafumu a Chifalansa ndi amonke ndi zikopa, kwa azimayi amene anasiya minda yosagalauza kuti adzaone ana awo. Kenako anatsinzina n'kuwerenga Chingerezi chawo chotsamwa chija. Khanda lina linalira. Makolo anawomba m'manja chifukwa anthu a kwathu ndi aulemu, munthu akasiya kulankhula amamuwombera.

Poyamba zinayenda monga ndinkayembekezera. Mnyamata wa ndevu za thonje, mwini chingalawa, anakhoma misomali yabodza, ana ovala zigoba za nyama anakwera awiriawiri, mbuzi yeniyeni imene anabwereka inadya katoni imodzi ndipo tonse tinaseka. Amayi nawonso mapewa anagwedezeka pang'ono.

Kenako anatulukira mwana wanga.

Ndinamuzindikira chifukwa ndinamubala, koma amene ndinaona akuyenda pabwalopo anali amayi anga. Chitenje chawo, duku lomangidwa chotsikira pa chipumi mmene amamangira iwo, mwendo wamanzere ukukokedwa pang'ono, dzanja limodzi kumsana. Anafika pa mulu wa matumba amene anaupaka phulusa kuti uoneke ngati mwala, anakhalapo, anatulutsa kabotolo m'chitenje n'kununkhiza fodya, n'kuyetsemula. Anthu anaphulika. Wa ndevu za thonje uja anamuitana kuti akwere. Mwana wanga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena ndi lilime la Chilomwe lokokomeza dala kuti, "Ine pano sindichoka. Pano ndi pa amayi anga."

A mu tenti anagwa nacho chiseko, wina mpaka kupukuta misozi ndi hanki. Ana asukulu anakuwa. Ndipo ndisabise, makolo ambiri anaseka nawo, ngakhale ena amene madzi anawalanda anthu, chifukwa kuseka n'kopatsirana ndipo mwanayo ankachita bwino kwambiri. Amene sanaseke ndi a m'mudzi mwathu. Iwowo anatembenuza mitu onse pamodzi kuyang'ana amayi.

Zinapitirira. Anyamata atatu amene anali ana ake m'seweromo ankazungulira mwalawo akukuwa kuti, "Kwerani, anganga, madzi afika!" Iye ankawathamangitsa ndi mthiko. Anamenya nawo wa ndevu za thonje pamutu, uyo n'kumubwezera mbama yabodza imene mwana wina anaiwombera m'manja kuseri kwa ngolo kuti imveke. Atsikana ogwira nsalu yabuluu ankayandikira pang'onopang'ono, ndiwo anali madzi. Pomaliza anyamatawo anamugwira, awiri miyendo, mmodzi m'khwapa, iye akuphiriphitha, duku litagwa, n'kumuponya m'ngolo ngati thumba la makaka. Bwalo lonse linali phokoso. Apulofesa anali chiimire pambali, manja kumbuyo, akugwedeza mutu ngati mlimi woyang'ana chimanga chake chitabereka.

Amayi sanasunthe. Manja anali pa maondo, nkhope ili gwa, akuyang'ana kutsogolo mpaka utawaleza wa pepala unakwezedwa. Ngolo itatembenuka kulowera kumsika kuti akasewerenso kumeneko, chikhamu chikuitsatira, ndi pamene anaimirira. Anakonza chitenje chawo bwinobwino.

"Ndipezere kabaza," anatero.

"Amayi, tiyeni kunyumba kaye, mukadye."

"Ndadya kale. Ndipezere kabaza."

"Ine sindimadziwa, amayi. Ndikulumbira."

"Sindinakufunse."

Pageti tinakumana ndi Apulofesa akuthamangira ngolo yawo, thukuta lili kamukamu m'jekete. Anaima ataona nkhope ya amayi, ndipo maso awo anawala.

"Mwaona, Madamu? Ngakhale agogowa yawakhudza! Imeneyo ndiye mphamvu ya dirama. Anthu a zaka zapakati ankachoka pa ngolo ali choncho kumene."

Sankadziwa n'komwe kuti akulankhula za amayi anga, ndipo atadziwa pambuyo pake anati zangochitika mwangozi, koma zikutsimikiza kuti khalidwe la munthu ndi limodzi kulikonse. Ndinawayang'ana, jekete, tayi, nsapato zosongoka zodzaza fumbi limene amalinyoza lija. Kutukwana munthu kumafuna kuti akhale ndi pomvera.

"Bambo," ndinatero, "zikopa za ng'ombe zonse munaziwerenga, koma nkhope ya munthu yakukanikani. Tapitani, ngolo yanu ikukusiyani."

Anapitadi, chothamanga.

Mwana wanga anabwera kunyumba madzulo chitenje chija atachipinda m'manja, maso ali psuu. Anati anaona nkhope ya anganga ake ali pamwala paja, koma anthu anali akuseka ndipo sanadziwe poimira, kenako kumsika anamukwezanso kuti abwereze. Anati aphunzitsi anamuuza kuti anganga adzanyadira kudziona okha pa siteji, kuti ndi ulemu waukulu munthu kulowa mu litirecha. Sindinamumenye, sindinamukalipire. Mwana wa fomu 3 akauzidwa ndi munthu wa digiri kuti ali ndi mphatso, amatha kuchita chilichonse. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo zimenezi zinatipota tonse.

Sabata isanathe, mayi wina wa m'mudzi mwathu amene amagulitsa nkhuni pa Boma anaima pakhomo panga, mtolo uli pamutu. Anati amayi anena kuti ndiwatumizire mtondo wawo, mbewu yawo ndi nkhuku zawo. Anandiuza akuyang'ana pansi. Ndinakana tsiku loyamba, ndinakana lachiwiri, kenako uthenga unabweranso wakuti ngati ndikufuna kuti atsike okha adzasenze mtondowo pamutu, ndinene. Ndinamangirira zonse pa njinga ziwiri.

Choipa chenicheni chinali chisanabwere. Mawu aja anatsala pamsika. Anyamata a kabaza anawatola, ndipo mayi aliyense wachikulire akamadutsa ankamukuwira kuti, "Kwerani, anganga, madzi afika!" Oitanira minibasi anawatenga, anafika nawo ku Migowi, ana ankawaimba popita kotunga madzi. Ambiri owanenawo sankadziwa n'kumene anachokera. Koma a m'mbali mwa phiri ankadziwa kuti chitenje chija chinali cha yani, ndipo nkhani ya m'mudzi siyenda ndi miyendo iwiri. Apulofesa atamva kondakitala akukuwa mawuwo analowa m'sitafu rumu atadzazidwa ndi chimwemwe.

"Mwamva? Umu ndi mmene Chingerezi chinakulira! Mawu kuchoka pa ngolo kulowa mumsika! Ine ndaziona ndi maso anga!"

Palibe anawayankha, ngakhale aja anaseka pamsonkhano. Iwo sanaone kuti palibe wawayankha. Temu isanathe n'komwe anawakweza, akuti chifukwa cha luso lobweretsa njira zatsopano zophunzitsira, ndipo anapita kuofesi ina mumzinda, kumene ndikukhulupirira kuti jekete limagwirizana ndi nyengo. Mlendo ndi mame. Anatisiyira makatoni abuluu amene chiswe chinadya m'sitolo ya sukulu.

Mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, ndinatenga mwana wanga n'kukwera. Tinapeza amayi ali m'munda pakati pa miyala, akubzala nandolo yemwe uja amene anayenera kulowa m'kadimba kanga. Mwanayo anagwada m'dothi momwemo, n'kupereka chitenje ndi manja awiri, akulira mosatulutsa mawu. Amayi anaimika khasu.

"Dzuka, udetsa yunifomu," anatero. "Chitenjecho sunga, ndinakupatsa. Iwe ulibe mlandu. Unachita bwino, ndinadziona. Ngakhale mwendowu unautha."

Mwanayo analira kwambiri. Ine ndinaona ngati kakhomo katseguka pang'ono, ndiye ndinalowerapo.

"Amayi, munthu uja anapita. Kulibenso. Tiyeni mutsike, dzinja lino lokha. Mng'alu uja mwauona mmene wakulira?"

"Ndimauona tsiku lililonse. Ndili ndi maso."

"Nanga bwanji?"

"Nditsike ndidutse pamsika paja ndi katundu pamutu? Anyamata aja aimirire pa njinga zawo, anene kuti uyo, amukweza?"

"Ndipeza galimoto, amayi. Yotseka magalasi. Palibe adzakuoneni."

"Ndiye undigwire miyendo, mwanayu andigwire m'khwapa?"

Ndinayesa njira ina. Kale, zonsezi zisanachitike, mvula ikagwa masiku angapo osakata amayi ankatsika okha popanda wowaitana, n'kudzagona kwanga mpaka kuche bwino, akunamizira kuti abwera kudzagula mchere. Ndinawakumbutsa zimenezo. Ndinati sindikupemphanso dzinja lonse, ndikupempha chakale chomwecho, kuti wailesi ikachenjeza adzabwere kudzagula mchere.

"Mchere ndili nawo wambiri," anatero. "Ndinagula wokwana."

Mphepo yozizira inatsika m'phiri, ndipo madontho oyamba anayamba kugwa pa miyala, akuluakulu, otalikirana. Amayi anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana mdzukulu wawo.

"Mtenge mwanayu muzipita," anatero. "Mtsinje ukadzaza mutsekeredwa kuno, ndipo kuno si malo ogona mwana."

Anatola khasu lawo n'kuwerama. Ndinagwira mwana wanga dzanja, tinatsika.